Khutu la Mfumu Ndamvakale

Manong'onong'o anayambira pamzere wa azimayi a tomato, ndipo pofika Lachitatu anali atafika mpaka kuchigayo: akuti Mulungu walankhula ndi a Dzimbiri, aja okhoma zidebe kuseri kwa msika, ndipo akuti zimene wanenazo si zabwino. Ena ankati mawuwo anatulukira m'chidebe. Ena ankati ayi, munali m'ndowa. Azimayi awiri anafika posiya kupatsana moni chifukwa cha chidebe ndi ndowayi. Koma onse ankagwirizana chinthu chimodzi: uthengawo unali wopita kwa mfumu, ndiye amene aone zakuda ndi Nachisale.

Paja inu Nachisale simumudziwa. Dikirani, tiyambe ndi dziko lake. Dzikolo ndi Zilibwino, ndipo nthawi imeneyo linkalamulidwa ndi Mfumu Ndamvakale Wachitatu, mwana wa Ndamvakale Wachiwiri, uja anafa atalumidwa ndi njoka imene anthu khumi ndi awiri anali atanena kale kuti ili pansi pa mpando wake.

M'banja lachifumu limeneli muli mwambo wakewake. Mfumu siimva nkhani yoipa ndi makutu ake, chifukwa akuti nkhani yoipa imaonditsa, ndipo mfumu yoonda ndi manyazi a dziko lonse. Ndiye pamakhala munthu wolembedwa ntchito yoimvera. Udindowo amautcha Khutu la Mfumu. Khutu limakhala pakampando pachipata cha nyumba yachifumu. Aliyense wa dandaulo amagwada pamaso pake n'kukhuthula zonse, kaya mlatho wagwa, kaya kuchipatala kulibe mankhwala. Khutu limamvetsera mpaka kumapeto, kenako limati, "Mfumu yamva." Likatero limazungulira kuseri, kukatsuka makutu ndi madzi ofunda ndi nthenga ya nkhuku, madziwo n'kukataya kudzala. Nkhani yathera pomwepo. Anthu khumi ndi awiri a njoka aja nawonso anauza Khutu, ndipo linawayankha mwaulemu kwambiri.

Lamulo lake ndi limodzi lokha: Khutu lilibe pakamwa. Likangoyerekeza kukauza mfumu zimene lamva, amalipitikitsira ku Phiri la Olongolola, kumene kuli miyala ndi abuluzi basi.

Nachisale anali atagwira ntchito imeneyi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ankaitha. Anali ndi nkhope yachifundo, ankadziwa pamene munthu amayenera kupukusa mutu ndi pamene amayenera kugwira chibwano. Anthu ankachoka pachipatapo atapepukidwa mumtima, ngakhale mlatho wawo unali chigwere. Ndi ntchito yomweyi anamangira nyumba ku Pirirani, yamalata, pansi pasimenti yofiira, chitseko chobiriwira. Ankakhalamo ndi ana ake atatu. Bambo wa anawo anathawa ndi mayi wina wogulitsa thobwa kudepoti, nkhani yokoma kwambiri imeneyo, koma isatisokoneze.

Tsono Pirirani ali m'chigwa, ndipo pamwamba pake pali damu. Mfumu inatseka mtsinje wa Tigawane ndi chikhoma chachikulu kuti abakha ake, ochokera kunja, azipeza posambira. Kumunsi madimba anauma gwa, azimayi n'kumayenda theka la tsiku kukasaka madzi. Nyumba yoyamba pansi pa khomalo inali ya Nachisale. Iye ankaikonda chifukwa m'chilimwe khomalo linkamupatsa mthunzi waulere.

A Dzimbiri anafika pachipata Lachinayi m'mawa, hamala ili m'thumba lakumbuyo. Musaganize za mneneri wa mkanjo ndi ndodo. Anali bambo wamfupi, wa zala zodzaza mabala, amene kutchalitchi ankakhala benchi lomaliza n'kumawodzera. Anagwada, ndipo anayamba n'kudziteteza. Anati iwo ntchitoyi sanaifune. Anati anawauza Mawuwo kuti atume abusa, amene ali ndi majekete, koma Mawuwo anayankha kuti abusa akuluakulu onse ali mkati mwa mpanda wa mfumu womwewo, akudya.

"Ndiye mayi, ine ndangotumidwa," anatero. "Akuti mfumu itsegule madzi apite kwa eni ake. Ikapanda kutsegula mwezi uno usanathe, madziwo adzitsegulira okha, ndipo sadzaodira."

Nachisale anapukusa mutu pamalo pake, anagwira chibwano pamalo pake. "Mfumu yamva."

A Dzimbiri sanadzuke. Anamuyang'anitsitsa, kenako anafunsa ngati si iye mwini nyumba ya chitseko chobiriwira ija, amene anamukhomera mtsuko wa malata chaka chatha. Atavomera, anangoti "oho," n'kusasa maondo, n'kumapita.

Nachisale anazungulira kuseri. Anatsuka kamodzi. Anatsukanso. Kachitatu nthenga inathyokera m'manja. Milatho, njala, kolera, zonse zinkatuluka ndi madzi oyamba, koma mawu awa anangokhalamo ngati kambewu ka mphonda m'dzino lobooka.

Madzulo ake anadzera kumsika kwa mnzake Nangozo, wa tomato, amene salephera kutchalitchi ngakhale kugwe mvula ya matalala. Nangozo anamukokera kuseri kwa benchi n'kumukumbutsa zimene amaphunzitsa Lamulungu, kuti Mulungu samenya munthu asanamuchenjeze. Anthu a nthawi ya chigumula ankakwatirana n'kumavina mnzawo akukhoma chombo pamtunda. Mfumu ina inaumitsa mtima mpaka inaika maliro a mwana wake.

"Amwali, Mulungu ali ngati mayi," anatero Nangozo akupukuta tomato ndi nsonga ya chitenje. "Amayamba wakuyang'ana. Kenako amakuitana dzina lonse. Ukamva dzina lonse, dziwa kuti patapata ali kale m'manja."

Sabata yachiwiri, achule onse anatuluka m'damu dzuwa lili paliwombo. Anatsika pamzere umodzi, aakulu atabereka aang'ono, n'kudutsa pakati pa msika osayang'ana munthu, mpaka anakakwera Phiri la Olongolola. Ogulitsa makala anachita kusuntha matumba kuwapatsa njira.

Bwalo la nduna linakumana tsiku lomwelo. Ku Zilibwino kuli Nduna ya Zomasulira Zodabwitsa, ndipo nthawi imeneyo anali a Chikometsa, bambo amene nthawi ina anatsimikizira dziko kuti dzombe ndi alendo odzaona malo. Atatuluka m'bwalomo analengeza kuti achule aja anali paperete wothokoza mfumu chifukwa cha zaka zonse zimene asambira mwaulere. Analengezanso kuti popeza pali anthu ena a mitima yoipa amene akuti achule akuthawa, kuyambira lero palibe wosamuka ku Pirirani. Kusenza mphasa, matilesi kapena mtondo kunja kwa mpanda wako ndi mlandu wofalitsa mantha.

Asilikali anatchinga msewu. Bambo wina anagwidwa ndi mphasa pamutu, iye n'kunena kuti akukangoiyanika. Asilikali awiri anamuperekeza, anadikira mpaka inauma, n'kumubweza nayo kunyumba.

Nachisale anayesa nzeru zake. Anawaveka anawo zovala zitatuzitatu, chimodzi pamwamba pa chinzake, n'kuwauza kuti apite kwa azakhali awo kutsidya ngati akungokacheza. Aakulu awiri anadutsa bwinobwino. Koma chitsirizira chake, Ndaziona, wa zaka zisanu, anali atabisa kasupuni kake m'thumba, ndipo msilikali atafunsa kuti kasupuni n'kachiyani, mwanayo anayankha mosangalala kuti amayi ati sitibwereranso. Onse atatu anabwezedwa, thukuta lili kamukamu m'zovala zitatu zija. Msilikali anauza Nachisale kuti amukhululukira chifukwa ndi wa boma, koma asadzayambirenso.

Sabata yachitatu khoma linang'aluka. Mng'aluwo unali kuseri kwenikweni kwa bafa la Nachisale, ndipo madzi anayamba kudontha n'kumayenderera pabwalo pake. Iye anaganiza kuti basi, apa ngakhale wakhungu aona. Zoonadi, m'mawa mwake a Chikometsa anabwera, koma anabwera ndi gulu la malipenga, riboni ndi lumo. Anamanga riboni pamng'alupo, anaidula, anthu olembedwa ntchito yowomba m'manja anawomba m'manja. Malowo anatchedwa Mpopi wa Chifundo cha Mfumu. A Chikometsa analankhula maola awiri. Anati wokhoma zidebe uja ankafuna madzi atsegulidwe, si awa atsegulidwa, ndiye ngati kumwamba kuli ndi dandaulo lina kulembe kalata.

Azimayi a ku Pirirani anayamba kudzatunga pamenepo, nanga akanatani. Nangozo atabwera ndi ndowa yake anayang'ana khomalo, n'kunena kuti pa zitukuko zonse za boma, ichi chokha ndicho chikukula: dzana chinali ngati chala, lero mkono ukulowa.

Nachisale ankalemba ndi khala pamene mng'alu walekezera, ndipo m'mawa uliwonse ankapeza wadutsa pamzere wake. Kuntchito anasiya kuitha ntchito. Munthu akunena za mbuzi yobedwa, iye n'kupukusa mutu pamalo olakwika. Tsiku lina pobwera anapeza Ndaziona atakhala m'matope pabwalo, akuyendetsa timabwato ta makoko a chimanga.

"Amayi, inu mumatha kusambira?"

"Ayi. Bwanji?"

"Nanenso sinditha."

Mwanayo anapitiriza kusewera. Nachisale anayang'ana khoma lija, nsapato zikunyowa.

M'mawa mwake sanakhale pakampando paja. Anadutsa chipata, anadutsa alonda amene anaganiza kuti akupita kukatsuka makutu, mpaka anakafika pamwamba pa damu, pamene mfumu inali kudyetsa abakha mikate yoviika mumkaka, nduna zitaizungulira. Pa zaka zisanu ndi zinayi zonsezi mfumu inali isanaonepo nkhope ya Khutu lake. Inafunsa kuti mayiyu ndi wa kwaya iti.

Nachisale anagwada. A Chikometsa atangoona Khutu likutsegula pakamwa anadziwa, ndipo anayambitsa nyimbo ya fuko mokweza, nduna zonse n'kulandira. Koma mayi wolera yekha ana atatu ali ndi mawu oitanira mwana amene ali kutsidya kwa dambo. Anawagwiritsa ntchito amenewo.

"Mwini dziko, Mulungu akuti mutsegule madzi mwezi uno usanathe. Mukapanda kutero khomali ligwa. Pansi pake pali ana anga."

Nyimbo inadukira pakati. Bakha mmodzi anatsamwa. Mfumu inagwira mimba yake ndi manja awiri kuti imve ngati yayamba kuphwa, ndipo itaona kuti ikadalipo, inafunsa funso limodzi lokha: chenjezoli anayamba kulimva ndani? Anaiuza kuti Khutu.

"Ndiye ndi lake," inatero mfumu. "Ine ndangomva mphekesera."

A Chikometsa anagwa pansi ndi chimwemwe, anati nzeru zotere sizinaonekepo chilengedwere dziko. Anafotokozera bwalo kuti mwalamulo chenjezo limagwira amene walimva, monga kalata imakhala ya amene waitsegula. Choncho bwalo linagamula pomwepo kuti Nachisale achotsedwe ntchito n'kupita ku Phiri la Olongolola ndi ana ake. Linagamulanso kuti aliyense amene wamva chenjezolo apite komweko, kuti ngati kumwamba kukufunadi kulanga anthu, kuwapeze ali pamodzi, kusavutike n'kufufuza khomo ndi khomo.

Nachisale analira njira yonse yopita kunyumba, ntchito yapita, nyumba aisiya. Anafika pakati pa phiri, Ndaziona ali kumsana, mtondo uli pamutu chifukwa wolangidwa amaloledwa kunyamula katundu wake, m'pamene anacheuka n'kuona khoma lija lili mmunsi mwa mapazi ake. Anasiya kulira ngati wazimitsa wailesi.

Kumunsiko asilikali anayamba kuyenda khomo ndi khomo kufunsa amene wamva chenjezo. Oyambirira anakana, ena mpaka kulumbira pa manda a amayi awo. Atafika kwa Nangozo, iye anayang'ana phiri, anayang'ana khoma, n'kutambasula manja kuti amumange.

"Ndamva ine, ana anga amva, mbuzi zanga zamva. Apongozi anga ali kuchipinda uko, amvanso, koma ngati malo achepa mukhoza kuwasiya."

Sipanathe ola, Pirirani yense anali pamzere kudzaulula mlandu. Mayi wina anaumirira kuti nkhuku zake zinamva chenjezolo iye asanamve. Gogo wina wogontha chibadwire anakokera msilikali malaya n'kumaloza makutu ake, akugwedeza mutu mwamphamvu. Pomaliza asilikali anazindikira kuti pofunsa anthu za chenjezo tsiku lonse, nawonso alimva. Anamangana okhaokha mwaulemu, n'kukwera phiri, atasenzera anthu matilesi. A Dzimbiri anali atafika kale, atakhala pamwala, achule atawazungulira.

Mfumu inatsala ndi nduna, ophika, oimba malipenga ndi abusa a majekete aja. Kutatsala masiku atatu kuti mwezi uthe, a Chikometsa anabwera ndi nzeru imene mpaka lero anthu amaikamba kumsika. Anati chenjezo lija linanena za mwezi uno, ndiye mwezi uno ungotha lero. Mfumu inasaina. Makalendala onse a boma anang'ambidwa tsamba, ndipo kunalengezedwa kuti chenjezo latha mphamvu monga amathera mankhwala. Mawa lake kunakonzedwa phwando lalikulu la Tsiku la Kupambana, ndipo malo abwino amene anasankha anali pabwalo pa Nachisale, pafupi ndi Mpopi wa Chifundo, kuti alendo asavutike posamba m'manja.

Kuphiri zonse zinkaoneka. Nachisale anakhala pamwala ana ake atamutsamira, n'kumaonerera matenti akumangidwa pamene ankayanika zovala. Anaona nduna ina ikutuluka m'nyumba mwake itanyamula mpando wake wabwino. Mphepo inkabweretsa mawu a Chikometsa pang'onopang'ono. Anali pakati pofotokoza kuti ngakhale kumwamba kwaphunzira kulemekeza malamulo a Zilibwino.

Akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chinali chitaimba mwezi wathunthu. Dzuwa lili pamutu, khomalo linalira ngati mtengo waukulu ukamagwa, ndipo Tigawane yense, wa zaka zonse zimene anatsekeredwa, anatsika nthawi imodzi. Paphiri anthu anangoima, manja pakamwa. Matenti anapita, malipenga anapita, miphika ya mpunga inkazungulira pamadzi ngati ikuvina. Nachisale anaona denga lake likunyamuka lathunthu, malata akung'anima, kenako chitseko chake chikuyandama chokha kulowera kumadimba. Manja ake ankangoyenda pamitu ya ana, uwu, uwu, uwu, n'kuyambiranso, mpaka wamkulu anati amayi tilipo, mutisupula tsitsi.

Nduna ziwiri ndi m'busa mmodzi sanapezeke mpaka lero. A Chikometsa anawavuula asodzi a dziko loyandikana nalo patapita masiku atatu, atakangamira ng'oma yaikulu ya gulu la malipenga, ndipo akuti mawu awo oyamba anali akuti ali paulendo wa boma. Mfumu inakhala masiku awiri mumtengo wa mango itakumbatira bakha mmodzi. Mbali ina ya nyumba yachifumu inagumukira m'dzenje la damu. Kumunsi madimba analandira madzi awo, pamodzi ndi matope, mipando ndi mafoloko.

Pamene panali nyumba ya Nachisale panatsala kachidutswa ka simenti yofiira, kokwanira kukhalapo munthu mmodzi. Anatsika kukakaona, anakhalapo, analira mpaka mawu anasasa. A Dzimbiri sananyadire ngakhale pang'ono. Ankangokhoma miphika yophwanyika imene anthu ankatola m'matope, ndipo wina atawatcha mneneri anayankha kuti iwo akanakonda kutchedwa wabodza, Pirirani akadalipo.

Mwina mukuganiza kuti mfumu inalapa. Inatsika mumtengo itaonda ndithu, lamba akuzungulira kawiri, ndipo chinthu choyamba chimene inachita chinali kukhazikitsa komiti yofufuza chifukwa chimene panalibe munthu woichenjeza. Wapampando anali a Chikometsa. Komitiyo inapeza kuti ngoziyo inachitika chifukwa tsiku limenelo pampando wa Khutu panalibe munthu, ndiye tsoka linasowa pofikira. Inapezanso kuti khoma lija linali lalifupi. Latsopano likhala lalitali kawiri, poti bakha wotsala uja akuoneka wosungulumwa.

Kuphiri moyo sunali wamasewera. Madzi okatunga kutali, nthaka yosalowa khasu, abuluzi m'miphika. Nachisale ndi ana ake ankagona pansi pa pepala la pulasitiki lomangirira pamiyala, ndipo Ndaziona anayamba kutsokomola chifuwa chija chimamveka ngati galu wakalamba. Mitambo ya mvula yoyamba inali itayamba kusonkhana kummawa.

Ndiye Lolemba lina kunakwera mthenga wa boma, bambo wa yunifomu yopita kuchitsulo, akupuma wefuwefu. Anafunsa Nachisale, n'kuwerenga kalata anthu onse akumva. Mfumu, mwa chifundo chake, yamukhululukira. Abwerere pakampando pake, chifukwa anthu atatu amene ayesedwapo sakutha kugwira chibwano. Kuwonjezera apo, boma lamumangira kale nyumba ina, yamalata, zipinda zitatu, madzi a m'nyumba, bafa lamkati. Ili pamalo pake pakale pomwe paja, ndipo amisiri a khoma latsopano ayamba kale kukumba maziko kuseri kwake.

Nachisale anapita kwa a Dzimbiri kukafunsa ngati Mawu aja anenanso kanthu. Iwo anati ayi, zidebe zonse zili chete, sanganame. Koma ponena zimenezo anali akupinda malata akale, kufolera kanyumba kawo pamwamba pomwepo pa phiri.

Anabwerera kwa mthenga uja. Bamboyo anali chiimire, mkono atautambasula, makiyi atatu atsopano akulendewera pa chala. Kuseri kwa pulasitiki mwana anatsokomolanso, ndipo dontho loyamba la mvula linagwa pa kalata ya mfumu.

Akuti mpaka pano mthengayo akadali chiimire, ndipo kumsika azimayi agawikana pawiri, moni wathanso. Nanga inuyo, mwana wanu akutsokomola pamwala, mvula ili pamutu, makiyi amenewo mukanawalandira?